Thandizeni a pagulu, ndalama za matikiti a filimu mumazilosera bwanji?

Gologolo88
Moni nonse. Ndabwera ndi dandaulo, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa mu mpikisano wathuwu wolosera ndalama za matikiti a mafilimu asanu sabata iliyonse. Ndinalowa miyezi inayi yapitayo. Sabata iliyonse manambala anga a mafilimu asanu aja ndimatumiza Lachitatu kuti ndisaiwale, koma dzina langa silichoka kumunsi kwa mndandanda. Chondiwawa n'chakuti mafilimu ndimawadziwa. Trailer iliyonse, kachidutswa kotsatsa filimu kaja, ndimaonera, za ochita sewero ndimawerenga, filimu yabwino ndimaizindikira. Koma ndikati iyi ipanga madola 90 miliyoni, imapanga 40. Ndikati iyi palibe akaione, anthu ndiye amakhamukirako. Inu muli pamwambanu, mumayang'ana chiyani? Lachisanu lino kukutuluka ya makatuni ija ndipo sindikufuna kuphonyanso.

Mphenzi
Achimwene, mwadziyankha nokha. Mukulosera mmene filimu yakukomerani inuyo. Funso la mpikisano ndi lakuti anthu ena angati atulutsa ndalama m'thumba.

Fulu
Takulandirani a Gologolo. A Mphenzi anena mwachidule, ine nditambasuleko. Poyamba tidziwe chimene tikulosera. Nambala imene amatifunsa ndi ya matikiti ogulitsidwa ku United States ndi Canada kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Za ku China kapena ku Ulaya sizilowamo. Koma mu nambala ya Lachisanu amaphatikizamo ndalama za zionetsero za Lachinayi madzulo, zija zotsegulira.

Tsono mwati mumatumiza Lachitatu. Lekani zimenezo. Mpikisano wathu umatseka Lachisanu masana pa nthawi ya ku Los Angeles, pamene ndalama za Lachinayi usiku zimalengezedwa Lachisanu m'mawa pa masamba monga Deadline ndi Variety. Mukutaya umboni waukulu kuposa wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndakhala ndikulembamo kwa zaka zingapo. Filimu iliyonse ili ndi mzere wake: mwezi umene inatuluka, mtundu wake, chilembo cha msinkhu wa oonera, nyumba zoonetsera zingati, ndalama za Lachinayi, ndalama za wikendi yonse. Kumapeto kwa mzere ndimagawa ndalama za wikendi ndi za Lachinayi, n'kulemba yankho ndi cholembera chofiira. Nambala yofiirayo ndiyo chuma changa. Taonani: Avengers: Endgame mu 2019 inapanga madola 60 miliyoni Lachinayi, wikendi yonse 357 miliyoni. Ndiye kuti kuchulukitsa ka 6. Barbie mu 2023 inayamba ndi 22 miliyoni n'kufika 162, kupitirira pang'ono ka 7. Filimu yatsopano ikabwera, ndimafufuza m'kopemo zitatu kapena zinayi zofanana nayo, n'kuchulukitsa ndalama zake za Lachinayi ndi nambala yofiira ya anzakewo.

Gologolo88
Zikomo akulu. Ndiye ya makatuniyi ndingochulukitsa ka 6 kapena ka 7?

Namzeze
Ayi ndithu achimwene, mukatero muphonyanso, ulendo uno cha pansi. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndiye izi ndimazidziwa za m'nyumba. Kholo liti lingatenge mwana wa zaka 6 kupita naye ku filimu Lachinayi usiku, mawa lake kuli sukulu? Mabanja amapita Loweruka masana ndi Lamulungu, ndipo ambiri sagula matikiti pasadakhale. Amadzuka, amaona kuti ana akusowa chochita, basi tiyeni. N'chifukwa chake Inside Out 2 mu Juni 2024 inapeza madola 13 miliyoni okha Lachinayi koma wikendi inathera pa 154 miliyoni. Werengerani, ndi pafupifupi ka 12.

A Fulu anena kuti zofanana nayo. Mawu amenewo muwagwiritse. Ya ana muiyerekeze ndi ya ana inzake, komanso yotuluka nyengo yofanana. Sukulu zikatsekera ku America, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ana amatha kupita Lachinayi, ndiye nambala yochulukitsira imatsikako.

Fulu
Zoona achemwali. Ndionjezepo kuti filimu ikakhala ndi gulu la okonda a mtima bii, aja amaopa kuuzidwa mathero ake pa intaneti, onse amathamangira usiku woyamba. Zoterozo ndimachulukitsa ka 5 kapena ka 6 basi. Deadpool & Wolverine mu 2024 inapanga 38.5 miliyoni Lachinayi, wikendi 211 miliyoni. Ndi ka 5 ndi theka.

Mphenzi
Kopelo n'labwino, koma aliyense ali nalo masiku ano. Box Office Mojo ndi The Numbers, zosunga manambalawa pa intaneti, zili poyera, zaulere.

Fulu
Zili poyera inde, ndipo ndi komwe ndimakopera. Koma tsamba silikusankhirani filimu zofananazo. Ntchito ili pa kusankhako.

Gologolo88
Ndikuuzeni imene inandipweteka kwambiri, ngakhale inali mu mpikisano wina ndisanabwere kuno. Joker yoyamba mu 2019 inatsegula ndi madola 96 miliyoni. Yachiwiri itabwera mu Okutobala 2024 ndinati yotsatira imaposa yoyamba, ndinalemba 110. Inapanga osafika 38. Mpaka lero sindimvetsa kuti ndikanadziwa bwanji.

Kadzidzi
Mukanadziwa amwene, zizindikiro zinalipo. Filimu ija inaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu ku Venice mwezi wathunthu isanatuluke, ndipo ambiri mwa amene anaiona sanaiyamikire. Mbiri inafala kuti muli kuimba kochuluka, chinthu chimene okonda yoyamba ija sankachifuna. Manambala olosera a akatswiri ankatsika sabata ndi sabata. Mukaona kulosera kukutsika tsiku likamayandikira, inu lembani pansi pa nambala yotsika kwambiriyo, chifukwa kutsikako kawirikawiri sikunathe. Kukamakwera, lembani pamwamba. Ine ndimayang'ana kolowera kuposa nambala yeniyeniyo.

Ndipo lamulo lakuti yotsatira imaposa yoyamba lilipo pokhapokha ngati yoyambayo anthu anaikonda n'kutsala ndi njala. Dzifunseni kuti kodi alipo amene ankapempha yachiwiri.

Nyenyezi7
Akatswiri amenewa manambala awo amawatenga kuti? Ndimangoona alemba kuti ikuyembekezeka kupanga 50 mpaka 60, osanena gwero.

Fulu
Pali makampani ofufuza, lodziwika kwambiri ndi National Research Group, amene amafunsa anthu mafunso pafupifupi masabata atatu filimu isanatuluke. Kodi mwamvapo za filimuyi? Mukufunitsitsa kukaiona? Pa zonse zimene zikutuluka, yoyamba kusankha ndi iti? Mayankho amawagawa panayi: amuna ndi akazi, ochepera zaka 25 ndi opitirira. Akatero amayerekeza ndi mafilimu akale. Atolankhani amatenga pamenepo.

Chenjerani ndi nambala imene eni filimu amapereka okha. Amakonda kunena yotsika dala kuti Lamulungu nkhani idzakhale yakuti yaposa chiyembekezo.

Njuchi
Ine sindikhulupirira mafunso amenewo. Munthu atha kunena kuti ndipita, osapita. Ndimakhulupirira mipando. Lolemba ndi Lachitatu usiku ndimatsegula tsamba logulitsa matikiti ngati Fandango, ndimasankha nyumba zoonetsera khumi zomwezomwezo sabata iliyonse, zina za m'mizinda ikuluikulu zina za m'matauni aang'ono, n'kuwerenga mipando yogulidwa pa chithunzi cha chipinda chija. Timabokosi todetsedwa ndi togulidwa. Ndimawerenga kamodzikamodzi ndi chala pa foni, zimanditengera ola. Ndikatero ndimayerekeza ndi zimene ndinawerenga pa filimu ina yofanana, tsiku lofanana. Ndalama yolipidwa kale sinama.

Mphenzi
Sinama koma imasocheretsa. Mwaiwala ya Taylor Swift?

Njuchi
Sindinaiwale achimwene, inandigwetsa nanenso. Kwa amene simunalipo: mu Okutobala 2023 kunatuluka filimu ya zoimbaimba zake. Matikiti ogulidwiratu anali ochuluka moti ine ndinalemba 130. Inapanga pafupifupi 93 miliyoni. Ndalama zambiri ndithu, koma chimene sindinaganize n'chakuti aliyense wofuna kupita anali atagula kale. Obwera pakhomo tsiku lomwelo anali ochepa. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa kuti oonera filimuyi ndi ogula msanga kapena ongotulukira. Ndipo sindiyang'ana kuchuluka kokha, ndimaona liwiro la masiku awiri omaliza. Mipando ikamadzaza mothamanga kuyambira Lolemba kufika Lachitatu, ndiye kuti anthu wamba alowerera.

Namzeze
Mbali inayo ndi A Minecraft Movie mu Epulo 2025. Akatswiri ankanena manambala osafika n'komwe 100 miliyoni, inatsegula ndi pafupifupi 163. Ofufuza aja ana aang'ono sawafikira bwino, pamene ana ndi achinyamata ndi amene anadzaza zipinda. Mwana wanga wamkulu ankaitchula tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu. Ndinakweza nambala yanga chifukwa cha iye, ndipo sabata imeneyo ndinachita bwino koposa nthawi zonse.

Mphenzi
Ndiye a Gologolo tawaletsa kumvera mtima wawo, inu mukumvera mwana mmodzi?

Namzeze
Kusiyana kulipo. Mwana wanga ali m'gulu la amene filimuyo inapangidwira, ndipo ankandiuza zimene kalasi yonse ikukamba. Komanso sindinataye manambala ena, ndinangowakankhira m'mwamba.

Birimankhwe
Nonse mukukangana za filimu yatsopano, pamene mapointi ambiri ali pa zinayi zotsalazo. Werenganinso malamulo a mpikisano wathu. Amatipatsa mapointi potengera peresenti imene taphonya, ndipo mafilimu onse asanu amalemera chimodzimodzi. Filimu ikapanga 100 miliyoni inu mutalemba 90, mwaphonya ndi 10 peresenti. Ina ikapanga 4 miliyoni inu mutalemba 5, mwaphonya ndi 25 peresenti, ngakhale kusiyana kwake ndi miliyoni imodzi yokha. Anthu amathera masiku atatu pa yaikulu ija, n'kulemba zing'onozing'ono mothamanga mphindi yomaliza. Ine ndimayambira pansi.

Ndipo zakalezo n'zosavuta kulosera chifukwa zili ndi mbiri. Mukudziwa zimene inapanga wikendi yatha. Mukudziwa za Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Funso ndi limodzi: itsika ndi peresenti ingati? Filimu zazikulu za okonda a mtima bii zimakonda kutsika ndi 55 mpaka 65 pa wikendi yachiwiri. Za mabanja zimatsika pang'ono, nthawi zambiri osapitirira theka. Kuyambira wikendi yachitatu kutsika kumafatsa.

Chenjezo limodzi: musatengeke ndi nambala ya Lachiwiri. Nyumba zoonetsera zambiri ku America zimatsitsa mtengo wa tikiti tsiku limenelo, ndiye anthu amachuluka. Yerekezani Lachitatu lino ndi Lachitatu latha.

Gologolo88
Apa mwanditsegula maso. Ine zing'onozing'onozo ndimangochotsa theka pa zonse.

Birimankhwe
Theka si poyambira poipa, koma pali zinthu zitatu zosuntha nambalayo. China ndi zionetsero za Lachinayi zija. Tiyerekeze filimu yatsegula ndi 100, mwa izo 20 ndi za Lachinayi. Wikendi yachiwiri ilibe Lachinayi loonjezera. Ndiye yambirani pa 80, osati 100. Mukachotsa theka pa 80 mupeza 40, ndipo pa pepala zioneka ngati yatsika ndi 60 peresenti.

China ndi nyumba zoonetsera. Filimu yaikulu imatsegula m'nyumba zoposa 4,000. Masabata awiri oyamba imazisunga pafupifupi zonse, kenako zimayamba kuilanda. Mndandanda wa nyumba umatuluka Lachinayi. Mukaona yataya nyumba 800, musayembekeze kutsika kofatsa.

Chachitatu ndi zipinda zodula monga IMAX. Tikiti yake ndi yokwera mtengo, ndiye filimu ikalandidwa zipinda zimenezo imataya ndalama zambiri kuposa anthu amene yataya. Mu Julayi 2023 Mission: Impossible ya Tom Cruise inatuluka, patangopita masiku 9 kunabwera Barbie ndi Oppenheimer tsiku limodzi. Oppenheimer inatenga zipinda za IMAX, ndipo filimu ya Tom Cruise ija, imene anthu ankaiyamikira ndithu, inatsika ndi peresenti yoposa 60.

Kadzidzi
Onjezanipo chachinayi, CinemaScore. Ndi kampani ya ku Las Vegas imene imagawa timakadi kwa anthu usiku woyamba kuti apereke chilembo kuyambira A+ mpaka F. Chilembocho chimatuluka Lachisanu usiku, ndiye sichikuthandizani pa wikendi yoyamba koma pa yachiwiri ndi golide. Top Gun: Maverick mu 2022 inapeza A+, inatsika ndi 29 peresenti yokha. Batman v Superman mu 2016 inapeza B, inatsika ndi 69. Joker yachiwiri ija ya a Gologolo inapeza D, inagwa ndi 81.

Nyenyezi7
B si chilembo chabwino kodi? Kusukulu tinkakondwera nacho.

Kadzidzi
Kuno ayi achemwali. Kumbukirani kuti ofunsidwawo ndi anthu amene anathamangira tsiku loyamba, okonda kale. Oterowo akapereka B kwa filimu ya ngwazi zouluka, ndiye kuti atuluka okhumudwa ndipo akauza anzawo. Ya makatuni ikapeza chochepera A-, pali vuto. Koma filimu zoopsa, zimene ine ndimazitsata kwambiri, zili ndi muyeso wakewake. Anthu amatuluka atanjenjemera, ena atakwiya ndi mathero, ndipo amapereka zilembo zotsika. B pa filimu yoopsa ndi chilembo chabwino ndithu. Get Out mu 2017 inapeza A-, chinthu chosowa pa mtundu umenewu, ndipo inatsegula ndi 33 miliyoni n'kukathera pa 176.

Zoopsa zambiri ndi moto wa mapesi. Achinyamata amadzaza Lachisanu usiku, Loweruka nambala imatsika kapena kungoima, wikendi yachiwiri yagwa. Ndipo ikadutsa 31 Okutobala, tsiku la Halloween, chotsani kwambiri.

Nyenyezi7
Ndinene zakukhosi. Chiyambireni mpikisanowu ndaona kuti ndasiya kuonera filimu ngati filimu. Ndikakhala m'chipinda ndimayamba kuwerenga mitu ya anthu. Mnzanga akandifunsa ngati inali yabwino ndimamuuza za ndalama. Zimandidetsa nkhawa, chifukwa mafilimu amene anandikhudza mtima kwambiri ambiri sanapange ndalama.

Mphenzi
Ndalama si ubwino, palibe wanena zimenezo pano.

Nyenyezi7
Palibe wanena, koma atolankhani amalemba ngati ndi choncho. Chaka chilichonse akuti mbiri yaswedwa. Iswedwa bwanji osasweka pamene mtengo wa tikiti ukukwera? Akanamawerenga anthu olowa, osati madola. Ku France amawerenga matikiti. Mukawerengera kukwera kwa mitengo, Gone with the Wind ya 1939 ikadali pamwamba pa onse ku America.

Fulu
Mfundo yanu ndi yoona achemwali, ndipo ine imandikhudza. Titanic inatsegula ndi madola 28 miliyoni okha mu Disembala 1997, koma inakhala pa nambala wani masabata 15 otsatizana. Anthu ankabwerera kachiwiri, kachitatu, atatenga azibale awo. Masiku amenewo filimu inkapatsidwa nthawi yoti ipeze anthu ake. Lero wikendi yoyamba ikavuta, Lolemba aiweruza kale.

Koma ine kulosera kwandiphunzitsa kulemekeza oonera. Elemental mu 2023 inatsegula ndi zosakwana 30 miliyoni, ambiri anati yafa. Mabanja anauzana okhaokha, inakathera pa 154 miliyoni. Nambala imeneyo ikunena za anthu amene anakonda chinthu n'kuuza anzawo. Ndikaiona m'kope mwanga ndimasangalala.

Kadzidzi
Vuto ndi loti anthu azolowera kudikira kunyumba. Chisanafike chaka cha 2020 filimu inkakhala pafupifupi masiku 90 isanapezeke kwina. Lero ena masiku 45, ndipo kampani yopanga mafilimu ya Universal inagwirizana ndi AMC, eni nyumba zoonetsera, mu 2020 kuti mafilimu ena azipezeka kunyumba patangotha masiku 17.

Birimankhwe
Ndipo apa nkhani yabwerera pa mpikisano, chifukwa zimenezi zimalowa m'masamu. Musanalembe nambala ya filimu yakale, fufuzani ngati yayamba kupezeka pa intaneti sabata imeneyo. Five Nights at Freddy's mu 2023 inatuluka tsiku limodzi m'nyumba zoonetsera ndi pa Peacock, malo oonerapo mafilimu pa intaneti. Inatsegula ndi 80 miliyoni, wikendi yachiwiri inagwa ndi 76 peresenti.

Chiwombankhanga
Ndachedwa kufika koma ndili ndi langa limene palibe walitchula, kalendala ya ku America. Inandidyera malo oyamba mu mpikisano wina. Inali wikendi ya tchuthi cha Lolemba. Woyendetsa sanalembe ngati akufuna masiku atatu kapena anayi. Ine ndinalemba ya masiku anayi chifukwa ndi imene atolankhani onse ankanena, iye anawerengera atatu. Nditadandaula anangoti malamulo ndi omwe aja. Zinandiwawa kwambiri chifukwa nambala yanga ya masiku anayi inali pafupi zedi. Kusiyanaku si kwamasewera. Top Gun: Maverick inapanga pafupifupi 127 miliyoni masiku atatu, koma 160 miliyoni pophatikiza Lolemba la Memorial Day. Safunsa anadya phula, funsani musanatumize.

Masiku oti muwalembe pakhoma ndi awa. Lolemba lachitatu la Januwale ndi tsiku la Martin Luther King. Lolemba lachitatu la Febuluwale ndi Presidents' Day. Lolemba lomaliza la Meyi ndi Memorial Day, loyamba la Seputembala ndi Labor Day. Pa mawikendi amenewa Lamulungu limakhala ngati Loweruka lachiwiri chifukwa mawa lake kulibe ntchito, ndiye ngakhale nambala ya masiku atatu imakwera. Wikendi yotsatira kutsika kumakula. Tchuthi cha Thanksgiving ndi Lachinayi lachinayi la Novembala, mafilimu amatuluka Lachitatu ndipo amanena nambala ya masiku asanu. Wikendi yotsatira Thanksgiving imagwa moopsa chaka chilichonse. Lamulungu la Super Bowl, ndime yomaliza ya mpira wa ku America, mu Febuluwale anthu amakhala pa TV, makamaka amuna, ndiye filimu za nkhondo ndi zomenyana zimavulala kwambiri tsiku limenelo.

Fulu
Disembala mwaisiya akulu, ndiye mwezi wosokoneza kuposa yonse. Khirisimasi isanafike anthu ali kalikiliki kugula mphatso, mafilimu amatsegula motsika. Pa 24 Disembala zipinda zimakhala pululu. Kuyambira pa 25 mpaka chaka chatsopano tsiku lililonse limakhala ngati Loweruka. Avatar mu 2009 inatsegula ndi 77 miliyoni, kum'mawa kwa America kuli chipale chofewa choopsa. Wikendi yachiwiri inatsika ndi pafupifupi 2 peresenti yokha, ndipo inakafika pafupi ndi 750 miliyoni. The Greatest Showman mu 2017 inatsegula ndi zosakwana 9 miliyoni, wikendi yachiwiri inakwera kupitirira 15, inathera pa 174. Amene anangochotsa theka sabata imeneyo analira.

Gologolo88
Zachuluka a pagulu, mutu wayamba kutentha. Funso lina: ndimaona ena amangotenga nambala ya akatswiri n'kulemba yomweyo. Kodi si bwino kungotero?

Mphenzi
Mukatero mukhala pakati mpaka kalekale. Pamwamba safikapo okopera.

Birimankhwe
Apa ndikutsutsani a Mphenzi. Zimatengera chimene mukufuna. Ngati mukulimbira mphoto ya sabata imodzi, inde muyenera kusiyana ndi gulu, chifukwa anthu makumi akalemba 55 ndipo yapanga 55, mwagawana ulemu nonse. Koma mpikisano wathu umaphatikiza mapointi a nyengo yonse. Mmenemo amapambana ndi munthu wosaphonya kwambiri, osati wolasa pakati kamodzi. Ine ndakhala m'gulu la asanu apamwamba nyengo ziwiri, ndipo sabata imene ndinakhala woyamba ndi imodzi yokha. Ndimayambira pa nambala ya akatswiri, ndimaisuntha ndi 10 kapena 15 peresenti pokhapokha ndikakhala ndi chifukwa chimene ndingachilembe pa pepala. Kukoma kwa trailer si chifukwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphenzi
Nanga munthu ali kumunsi ngati a Gologolo, akapeza bwanji amene ali patsogolo polemba zofanana nawo?

Birimankhwe
Pamenepo muli ndi mfundo. Masabata akatsala ochepa ndipo muli kumbuyo, lumphani, palibe chotaya. Koma a Gologolo vuto lawo pakadali pano si kuchepa kwa kulimba mtima. Ayambe aphunzira kuyandikira.

Njuchi
Kena kakang'ono: musasangalale kapena kulira Lamulungu. Manambala a Lamulungu m'mawa ndi ongoyerekeza, eni mafilimu amapenekera za tsikulo lisanathe. Enieni amatuluka Lolemba, ndipo ndi amene woyendetsa wathu amagwiritsa ntchito. Pa mafilimu ang'onoang'ono kusintha kwa madola 200,000 kumatha kukukwezani kapena kukutsitsani malo angapo.

Gologolo88
Ndagula kope lero. Ndalemba mafilimu anayi a makatuni amene anatuluka sukulu zili mkati, nambala zawo zochulukitsira ndazipeza. Zinayi zakale zija ndaziwerengera kale, ndikungodikira mndandanda wa nyumba zoonetsera mawa. Chimodzi chikundivuta: pali ina ya mabanja imene ili pa wikendi yachitatu. Yatsopanoyi ikubwera kudzalimbirana nayo ana omwewo. Ndichotse zingati?

Namzeze
Chotsani zoposa zimene inatsika wikendi yatha. Banja silipita kawiri wikendi imodzi, ndipo ana amasankha yatsopano. Ikhala ndi mwayi pang'ono Loweruka masana ngati zipinda za yatsopanoyo zadzaza, makolo ena amalowa yomwe ili ndi malo m'malo mobwerera ndi ana akulira. Koma zimenezo zimachitika yatsopano ikakhala yaikulu zedi. A Njuchi, mipando ikuoneka bwanji?

Njuchi
Lachinayi usiku mipando yambiri ikadali yoyera. Loweruka masana mizere yapakati yayamba kuda m'nyumba zisanu ndi ziwiri mwa khumi zanga. Ndiwerenganso usiku uno.

Fulu
A Gologolo, musatumize mawa. Lachisanu ndikangoona nambala ya Lachinayi ndiiponya pano, tichulukitse limodzi nthawi isanatseke.